Penti akumatukiranji? Mafunso a eni nyumba za ku Lirangwe

Amene amayenda mumsewu wa M1 kuchoka ku Lunzu kulowera ku Zalewa akuona momwe nyumba za malata zikuchulukira pa Lirangwe, zina za lendi, zina zomangidwa ndi ndalama za ku Joni. Kunja zimaoneka bwino ndithu. Koma lowani m'kati patatha dzinja limodzi kapena awiri: penti watupa m'munsi mwa khoma, pakona pakuyoyoka, ndipo mukatsamira mumanyamuka ndi ufa kumsana. Mwini nyumba amaloza wopenta, wopenta amaloza womanga, womanga adalandira zake kalekale.

Ndinagula penti wodula, wa kampani yodziwika. Nanga akumatukiranji?

Kawirikawiri penti sakhala ndi mlandu. Makampani monga Rainbow Paints, Dulux ndi Plascon amalemba pachidebe kuti khoma likhale louma, lolimba ndi lopanda fumbi lisanapakidwe, kungoti ndi ochepa amene amawerenga. Makoti awiri a penti akauma sachindikala kuposa pepala la m'kope. Kanthu kopyapyala chotero sikangagwire mchenga umene ukuyoyoka, ndipo sikangaletse madzi otuluka m'kati mwa njerwa. Khoma likakhala ndi vuto, penti amangolionetsa poyera.

N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito akapatsidwa nyumba, masiku ambiri amathera pa kupala, kumata ming'alu, kukwecha ndi kupukuta. Kupenta kwenikweni kumabwera kumapeto ndipo sikuchedwa. Tsoka lake, mwini nyumba akafika madzulo n'kupeza khoma lisanasinthe mtundu, amaganiza kuti anyamatawo angoswera macheza. Mawa lake amayamba kuwafulumiza, ndipo iwo amachita zimene bwana akufuna.

Pulasitala watsopano adikire nthawi yaitali bwanji?

Masiku 28, ndipo m'dzinja aposerepo. Simenti amakhwima pogwirana ndi madzi, n'chifukwa chake womanga wosamala amathirira pulasitala sabata yoyamba yonse. M'kutentha kwa ku Lirangwe mu Okutobala, pulasitala wosathiriridwa amapsa: madzi amathawa simenti asanagwire, ndipo pamwamba pamatsala chinthu chimene mungachikande ndi chikhadabo.

Palinso china. Simenti watsopano ali ndi ukali wa mtundu umodzi ndi wa chidulo chophikira therere, koma woposa kutali. Ukali umenewu ukakumana ndi mafuta a mu penti wa gilosi, umawasandutsa sopo, ndipo penti amafewa, kumata m'manja, kenako n'kusupuka. Penti wa madzi amapirira pang'ono, komabe mtundu wake umawauka mawangamawanga.

Nyumba zambiri zimaonongekera mu Disembala. Mwana ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town watumiza ndalama, akufika Khirisimasi isanakwane, ndipo akufuna adzagone m'chipinda chopenta. Pulasitala wathera kumayambiriro kwa mwezi, kunja mvula ikugwa, wopenta akulowa ndi rola. Choseketsa n'chakuti ena mwa anyamatawa ntchito yawo ku South Africa ndi yopenta yomweyo, ndipo kumeneko sangayerekeze kupaka khoma laliwisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gonani m'nyumba yosapenta Khirisimasi imodzi, sizipha munthu.

Ngati mukukayika, dulani pulasitiki wa theka la mita mbali zonse, mumate pakhoma ndi tepi kuti mpweya usalowe, mumusiye usana ndi usiku. Mukapeza thukuta kunsi kwake, kapena pamalopo pada, khomalo likadali ndi madzi.

Pakhoma pakutuluka ufa woyera wonga mchere. N'chiyani?

Ndi mchere ndithu, ngakhale si wa m'ndiwo. Umachokera m'njerwa, mumchenga, kapena m'madzi amene anakandira matope, poti mijigo ina madzi ake ndi olawa mchere. Madzi akamatuluka m'khoma amaunyamula, iwo n'kuuluka, mcherewo n'kutsala pamwamba. Ukakhala kunsi kwa penti umamukankha mpaka atupe. Musautsuke ndi madzi, chifukwa mukungoubwezera m'khoma. Sesani ndi bulashi youma, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, muone ngati wabwereranso. Ukaleka kutuluka, pentani. Ukamangobwerabe, pali pamene madzi akulowera, ndipo funso lotsatirali ndi lanu.

M'munsi mwa khoma ndimapenta chaka chilichonse, koma mumatupabe. Ndigule penti wanji?

Palibe penti wa vuto limeneli. Madzi a m'nthaka amakwera m'njerwa pang'onopang'ono, nthawi zina kufika pafupifupi mita imodzi. Pomanga, pamwamba pa maziko pamayenera kuyalidwa pulasitiki wakuda uja amisiri amati DPC, njerwa zoyamba zisanakhale. Ambiri amamudumpha poganiza kuti akupulumutsa ndalama, ndipo mtengo wake amaulipira kwa wopenta chaka ndi chaka. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ngakhale nyumba zambiri zimene sizinagwe m'boma la Blantyre zinamwa madzi kuyambira pamaziko, ndipo khoma la njerwa lonyowa chotero limatenga miyezi kuti liume.

Mankhwala ake ali kunja kwa nyumba. Chotsani dothi limene launjikana pakhoma, mangani kakhonde ka simenti kotsetserekera kunja kuzungulira nyumba, kumbani ngalande kuti madzi a padenga asadikhe pamaziko. Kenako m'kati gumulani pulasitala wovunda yense, kupitirira ndi masentimita 30 pamwamba pa pamene chinyontho chikulekezera, mupulasitalenso, mudikire.

Chimene anthu amakonda kuchita n'kupaka lamba wa gilosi wakuda kapena wofiirira m'munsi monse kuti abise. Gilosi amatseka khoma, madzi amasowa potulukira, ndiye amakwera n'kukatulukira pamwamba pa lambayo. Vuto limangosamukira pamene mlendo aliyense alione.

Kuno kwathu kuli laimu. Kodi sangalowe m'malo mwa penti?

Angathe, ndipo pa makoma ena amaposa penti. M'nkhani za migodi ya m'Malawi, Lirangwe amatchulidwa pamodzi ndi mapiri a Chenkumbi ku Balaka ngati malo amene anthu akhala akukumba mwala wa laimu ndi kuuwotcha m'mauvuni ang'onoang'ono a nkhuni. Mwalawo ukatenthedwa kufika pa madigiri pafupifupi 900, mpweya umene unali m'kati mwake umachoka. Laimu wowotchayo akathiridwa madzi amatentha mpaka kuwira, n'kuphwanyika kukhala ufa kapena phala loyera. Mukamupaka pakhoma, amakokanso mpweya uja kuchokera mumlengalenga, ndipo pang'onopang'ono amabwerera kukhala mwala. Ndiye kuti laimu sapanga chikopa chotseka khoma monga amachitira penti. Chinyontho chimadutsa, khoma limapuma, ndipo chuku sichikonda ukali wake.

Kwa nyumba yomangidwa ndi matope a dothi, yozira, kapena yakale yopanda DPC, ine ndingasankhe laimu. Penti wa madzi wa PVA pakhoma la dothi amasendeka zikambazikamba dzinja loyamba lomwe. Anthu amanyoza laimu kuti ndi wa amphawi, koma khoma loyera la laimu limaoneka bwino kuposa la penti wodula amene watupa.

Zovuta zake n'zodziwika: amatsalira pazovala, satsukika, ndipo amafuna kubwereza pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Komabe kuyoyoka kwambiri kumabwera chifukwa cha kapakidwe. Munyikeni m'madzi usiku wonse kapena masiku angapo, musefe kuti timiyala tichoke, akhale wamadzimadzi. Nyowetsani khoma kaye, pakani mopyapyala, mudikire tsiku, mupakenso, mpaka katatu. Akamapakidwa amaoneka ngati palibe chimene mwachita. Kuyera kumabwera akauma. Amene sadziwa zimenezi amamukanda wolimba kuti ayere msanga, ndipo ameneyo ndi amene amang'aluka n'kugwa. Tetezani maso ndi manja, laimu amawotcha. Ndipo musasokoneze ndi laimu wothira m'munda: ameneyo ndi mwala wongogaya, wosawotcha, pakhoma sagwira.

Pamtengo wa laimu wotchipayo pali gawo limene sitiliwerengera: nkhuni zimene uvuni uliwonse umadya, m'dera limene mitengo yatha kale ndi makala ndi njerwa.

Nyumba yanga inali ya laimu, tsopano ndikufuna penti. Ndingopaka pamwamba?

Ayi. Penti adzagwira ufa wa laimu, osati khoma, ndipo ufawo ukamasuka adzagwa nawo limodzi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa kuposa ina iliyonse m'kupenta: kunyowetsa khoma, kupala ndi chopalira, kukwecha ndi bulashi ya waya, kutsuka, kudikira liume. Mukatha, sisitani ndi chikhatho. Chikatuluka choyera, ntchito ikadalipo. Kaufa kotsalira kamamangidwa ndi mankhwala amadzimadzi amene m'hadiweya amati bonding liquid, olowerera m'khoma n'kugwiranitsa pamwamba pake. Wopenta amene wakuuzani mtengo womwewo pa nyumba ya laimu ndi pa nyumba ya pulasitala watsopano, dziwani kuti sakuganiza zopala.

Nanga ming'alu?

Ilipo ya mitundu iwiri. Ing'onoing'ono yonga tsitsi ndi ya pulasitala amene anauma mofulumira. Imeneyo ikulitseni pang'ono ndi nsonga ya chopalira, chotsani fumbi, nyowetsani, matani ndi fila monga Polyfilla, ikauma mukweche ndi sandipepa. Kungopaka fila pamwamba pa mng'alu wosatsegula n'kutaya nthawi.

Mng'alu umene mungalowetsemo m'mphepete mwa ndalama yachitsulo, wochoka pakona ya zenera n'kutsika mopendekera, kapena woonekera kunja ndi m'kati momwe, si wa wopenta. Ndi maziko amene akuyenda, makamaka pa dothi la makande limene limatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Itanani womanga. Mukafuna kudziwa ngati ukukulabe, matani kapulasitala kopyapyala modutsa mng'aluwo, muone ngati kathyoka nyengo ikasintha.

Kuchokera mu 2018, pamene malamulo a bungwe la National Construction Industry Council analetsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, mabuloko a simenti afala ngakhale m'nyumba za anthu wamba. Nawo ali ndi khalidwe lawo: akamangidwa asanakhwime amafota pang'ono, ndipo mng'alu umatsata mizere ya matope ngati masitepe. Chifukwa china chodikirira musanapente.

Musanayambe, yendani ndi mpini wa hamala mukugogoda khoma. Pamene pakumveka kuti m'kati muli mphako, pulasitala wasiyana ndi njerwa, ndipo pagumulidwe. Pamene pali misewu ya chiswe, thanani nacho kaye. Kandaninso ndi msomali: pulasitala wabwino amakhala wa thumba limodzi la simenti pa mawilibala atatu a mchenga wosefa, koma ena amafikitsa asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi mchenga wa mumtsinje wodzaza matope. Wotereyu msomali umalowa ngati m'dothi.

Wopenta akuti ndigule pulayima. Bwanji osangosungunula PVA n'kuyambira pamenepo?

Ambiri amatero, ndipo pakhoma lokhwima bwino, louma, m'chipinda chogona, zimatha kupita. Koma pulayima wa pulasitala ali ndi ntchito zitatu zimene PVA wosungunula sazikwanitsa: amapirira ukali wa simenti, amamanga kafumbi ka pamwamba, ndipo amaletsa khoma kumwa penti mosiyanasiyana. Khoma losapaka pulayima limamwa koti yoyamba yonse, ndiye mumapezeka mukugula chidebe chachitatu cha penti wodula kuti mubise mawanga. Ngati pamwamba padzabwera gilosi, ndiye palibenso zokambirana: pulayima, kenako andakoti, kenako gilosi. Andakoti ndi wobisa mtundu wakale ndi kupatsa gilosi pogwira. Sangalowe m'malo mwa pulayima pa simenti. Zitseko zamatabwa zili ndi pulayima wake, ndipo mafelemu achitsulo amafuna kupalidwa dzimbiri ndi kupakidwa red oxide.

Chipinda chilichonse chimafuna penti wakewake?

Siling'i ndi zipinda zogona, PVA wamba akwanira. Pabalaza ndi m'kanjira ka pakati pa zipinda, pamene ana amayenda akusisita makoma, gulani penti wa madzi wotsukika wa akiliki; ndi wokwera mtengo koma mumangopukuta ndi nsalu yonyowa. Kumbukirani kuti penti akamawala kwambiri, m'pamenenso amaonetsa mabampu onse a pulasitala.

Khitchini ndiye imafuna mawu owonjezera. Kumene kumaphikidwa pambaula kapena pankhuni, khoma limavala mwaye ndi mafuta, ndipo penti wa madzi akapakidwa pamenepo, chikasu chimatulukira pamwamba ngakhale mubwereze kanayi. Tsukani ndi sugar soap kapena sopo waufa m'madzi ofunda, tsukuluzani, liume, kenako koti ya andakoti wa mafuta kuti atseke zotsalira. M'bafa, chuku chakuda chiphedwe kaye ndi Jik wosungunula. Mukachikwirira chamoyo chimabowola penti watsopano. Ndipo bafa lopanda zenera lotseguka lidzachitanso chuku, mupake chilichonse chimene mungapake.

Ndamva kuti penti wina ali ndi poizoni. N'zoona?

N'zoona, ndipo poizoniyo ndi mtovu. Opanga ena amauika mu penti wa mafuta kuti mtundu uwale ndi kuti aume msanga, makamaka wachikasu, wofiira ndi wa olenji. Mtovu umaononga ubongo wa mwana wamng'ono, ndipo zimene waononga sizibwerera. Ku America anauletsa mu penti wa m'nyumba mu 1978. Mlingo umene mabungwe a United Nations amalimbikitsa ndi wosapitirira magawo 90 pa miliyoni. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wa mafuta wogulidwa m'masitolo a m'Malawi, ndipo woposa theka anapezeka ndi mtovu wopitirira mlingo. Malawi Bureau of Standards inayamba kulondoloza nkhaniyi, ndipo kuyezanso kwa mu 2023 kunaonetsa kuti zinthu zasintha kwambiri, ngakhale si zidebe zonse.

Kwa inu zikutanthauza izi. Pogula gilosi, funani chizindikiro cha MBS ndi mawu osonyeza kuti mulibe mtovu. Penti wa madzi kawirikawiri sakhala nawo. Choopsa chachikulu chili pa gilosi wakale wa pazitseko, m'mawindo ndi m'munsi mwa makoma: mukamukwecha wouma, fumbi lake limagwa pansi pamene mwana amakwawa n'kumaika zala m'kamwa. Kwechani monyowetsa, musamuwotche ndi moto, ana ndi amayi oyembekezera atuluke mpaka mutakolopa. Zidebe zotha penti, zimene timazikonda zedi potungira madzi, zikhale zochapira ndi zokolopera, osati za madzi akumwa kapena zosungira ufa.

Ndidziwa bwanji kuchuluka kwa penti wofunika?

Tengani chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, khoma lotalika mamita 2.7. Kuzungulira ndi mamita 14; kuchulukitsa ndi 2.7 ndi masikweya mita pafupifupi 38. Chotsani chitseko ndi zenera, atsala ngati 34. Lita imodzi ya PVA pakhoma losalala lopaka pulayima imakuta masikweya mita 8 kapena kuposerapo pang'ono. Makoti awiri ndiye malita 8 ndi theka, kunena kuti zidebe ziwiri za malita 5. Chidebe cha malita 20 chimakwanira zipinda ziwiri zotere n'kutsalako pang'ono. Pulasitala wokhakhala amadya zambiri.

Masamu amenewa amakutetezani mbali ziwiri. Wopenta akapempha zidebe zopitirira kutali, funsani kumene zinazo zikupita. Akamaliza nyumba yonse ndi penti wochepa modabwitsa, ndiye kuti wathira madzi ambiri. Chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penti wakwera mtengo kwambiri poti zopangira zake zambiri zimachokera kunja, ndipo chiyeso chosungunula chakula kwa wopenta ndi mwini nyumba yemwe. Thirani madzi okhawo amene pachidebe alola. Penti wosungunula kwambiri amaoneka bwino tsiku loyamba, koma mukadzamupukuta amatsalira pansalu. Ngati mtundu ndi wosakaniza, phatikizani zidebe zonse mumgolo umodzi musanayambe, kuti khoma limodzi lisakhale ndi mitundu iwiri.

Nyengo yabwino yopentera ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, makoma atauma, kutentha kusanafike pachimake. Mu Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, penti amauma rola isanabwerere, ndipo mizere imatsala; pentani m'mamawa. Nyumba za m'mbali mwa msewu zili ndi mdani wina, fumbi, amene amakonda gilosi wosauma: wazani madzi pabwalo ndipo tsekani mawindo a mbali imene mphepo ikuchokera. Yambani siling'i, kenako makoma, zitseko ndi mawindo pomalizira. Penti wa madzi adikire maola awiri kapena anayi musanabwereze. Gilosi agone usiku.

Wopenta wabwino ndimuzindikira bwanji, ndipo ndimulipire motani?

Alipo amene anaphunzira ntchitoyi kusukulu. Soche Technical College ku Limbe imaphunzitsa kupenta ndi kukongoletsa nyumba, pansi pa dongosolo la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999. Ambiri a kuno anaphunzirira pantchito, kuyamba ndi kunyamulira ena zidebe, ndipo pakati pawo pali akatswiri enieni. Pepala lokha lisakusankhireni munthu. Mupempheni akuonetseni nyumba imene anapenta madzinja awiri apitawo, osati ya sabata yatha, ndipo mukafika yang'anani m'munsi mwa makoma ndi m'makona a mawindo.

Onaninso zimene akuchita tsiku lodzaona ntchito. Wodziwa amagwira khoma, amaligogoda, amafunsa kuti pulasitala anatha liti ndiponso kuti kale munapaka chiyani. Amene wangoima pakhomo n'kutchula mtengo akuwerenga zipinda basi.

Pamalipiro, lembani pakapepala, ngakhale ali mwana wa achimwene anu: kupala ndi kumata ming'alu ndalama zakuti, pulayima zakuti, makoti awiri zakuti, zitseko ndi mawindo padera. Kukonza khoma kukakhala ndi mtengo wakewake, wopenta sakhalanso ndi chifukwa chokudumpha, ndipo inu mumakhala ndi ufulu woyendera khomalo ndi chikhatho chanu pulayima asanalowe. Penti mugule nokha, zidebe zitsegulidwe inu muli pomwepo. Gawo lomaliza la ndalama lituluke mutayendera nyumba masana mawindo ali otsegula, madontho a pagalasi ndi pansi atapalidwa, ndipo penti wotsala atatsekedwa bwino, dzina la mtundu ndi chipinda chake zitalembedwa pachivundikiro.